Chitsime cha Amake Taonga

Ntchito yotola zinyalala sindinachite kuifuna ayi, inandipeza nditasowa pogwira. Ndinakulira ku Libala, mu Lusaka, koma bambo atapuma pantchito ya boma anabwerera kwawo ku Katete, ine n'kutsala m'tauni. Ndinayamba kunyamulira anthu katundu pa siteshoni ya mabasi ya Intercity, koma imeneyo si ntchito, ndi kulimbirana chikwama cha mwini ndi anzako anjala ngati iwe. Nditakwatira Esinati, mwana wathu Taonga n'kubadwa, ndinaona kuti sizitithandiza. Mkulu wa mpingo wina wa ku Chilenje, kumene tinkapemphera, anali ndi mlamu wake amene anali ndi kakampani kotola zinyalala m'makomo. Tsiku lina titatuluka m'tchalitchi anandikokera pambali n'kundifunsa kuti, "Lameki, mphuno yako ni yolimba?" Ndinati inde. Sindinkadziwa chimene ndikuvomera.

Nthawi imeneyo n'kuti tikukhala kukomboni ina kumpoto kwa mzinda, m'munsi mwenimweni mwa mtaya, kumene zinyalala za Lusaka zimakatayidwa. Malowo anatipatsa ndi amalume ake a Esinati. Kunali fungo, kunali ntchentche, koma chinatikhazika pamenepo ndi chitsime. Esinati anachikumba ndi mlongo wake, iye akukoka dothi ndi ndowa, mwana ali kumbuyo. Anachimangira njerwa kukamwa n'kuikapo chivundikiro cha lata. Madzi ake tinkamwa titathira klorini, tinkachapira, ndipo iye ankathirira kadimba ka repu ndi anyezi kuseri kwa nyumba, ndiwo zake n'kumagulitsa pakhomo. Azimayi oyandikana nafe ankabwera kudzatunga, ndipo nyumba yathu ankaitchula kuti kwa amake Taonga a pachitsime. Dzina langa silinkamveka n'komwe, ndipo sindinkadandaula.

Tsiku loyamba anandipatsa ovolosi, magolovesi, magambusi, fosholo, foloko ndi reki. Galimoto inali tipa yakale yotsokomola pa chitunda chilichonse. Woyendetsa anali Ba Sakala, munthu wamkulu wosakonda kunena chinthu kawiri, ndipo ndiwo analinso kapitawo wathu. Kumbuyo tinali awiri, wina pansi kuponya matumba, wina pamwamba kulandira ndi kusanja. Matumba olemera amapita kutsogolo, pafupi ndi kokhala dalaivala, opepuka kumbuyo, pamwamba n'kumangapo neti kuti zisamauluke mumsewu. Ba Sakala anandiphunzitsa chinthu chimodzi chokha, atandiona ndikukumbatira thumba ngati mwana.

"Iwe, thumba sibaikumbatila. Gwila pa mfundo, ukoke pang'ono umve kulema kwake, ndiye uponye. Muli mabotolo umo."

Tinkayenda Kabwata, Chelstone, Woodlands ndi Kabulonga, dera lililonse tsiku lake. Posakhalitsa ndinayamba kudziwa za m'thumba ndisanalione m'kati. Thumba la phulusa limakhala lolemera koma louma. La mapepala ndi mabotolo apulasitiki ungaliponye ndi dzanja limodzi. Koma thumba la chakudya limalemera moipa, limagwedezeka likakwezedwa, ndipo likang'ambika zonse zimakukhuthukira pachifuwa. Matumba otere ndiwo anali ambiri, ndipo ndiwo ankatithyola msana.

Zimene ndinaona m'matumba amenewo zinandidwalitsa mtima kuposa fungo lake. Buledi wathunthu wosamasula n'komwe. Nkhuku yongodyedwa mbali imodzi. Tomato wofewa pang'ono kumutu, kwina konse ali bwinobwino. Mpunga, mpunga, mpunga, ngati kuti amaphikira chimbudzi. Magetsi akazima nthawi yaitali ndiye kunali maliro, chifukwa anthu amadzaza firiji ngati kukubwera nkhondo, ndipo ikasungunuka nyama yonse imabwera kwa ife. Musaganize kuti ndikunena anthu olemera a ku Kabulonga okha. Ku Kabwata nakonso mkute unkatayidwa, mkute umene ife tili ana tinkalimbirana m'mawa tisanapite kusukulu. Ndinkafika kunyumba madzulo n'kupeza Esinati akugawa bonya wa dzulo pawiri kuti akwanire. (Kapenta, tinsomba tokwererapo mtengo, tinkagula mwezi ukayenda bwino.)

Pansi pa tipa pankatuluka madzi akuda, onanda, amene anzanga ankawatchula kuti supu. Amachokera m'chakudya chowolacho. Akakudonthera m'gambusi, zala zimasupuka. Ndisanagwire ntchitoyi ndinkaganiza monga amaganizira ambiri, kuti chakudya chikatayidwa chimangosanduka dothi, ngati mmene zimachitikira padzala la kuseri kwa nyumba. Kumtaya sizitero. Chakudya chimafika chomangidwa m'pulasitiki, buludoza n'kuchipondereza, zina n'kubwera pamwamba, mphepo osalowa. Chimawola pang'onopang'ono chikutulutsa mpweya woyaka ndi madzi akuda aja. Mu Okutobala phiri lonse la zinyalala limafuka utsi popanda woyatsa, ndipo ukabaya foloko pansi mano ake amatuluka otentha. Utsi umenewo ndi umene Taonga ankatsokomola nawo. Dzinja likafika utsi umachepa, supu n'kuchuluka.

Dongosolo linali lakuti galimoto zikwere pamwamba pa phirilo, zikakhuthule mbali yakutali ndi nyumba za anthu. Mbali ya m'munsi, yoyang'ana kwathu, kunali kakhwawa kotsetsereka mpaka kukomboni, ndipo pamutu pake anaunjikapo mtumbira wa dothi kuti madzi akuda asatsike. Tsiku lililonse tikamakwera ndinkauyang'ana mtumbira umenewo. Ndikaima pamwamba pa tipa ndinkatha kuona denga la nyumba yathu, ndi kadontho kobiriwira kuseri kwake, komwe kanali dimba la Esinati.

Ndinayesa kuchitapo kanthu, musati ndinangokhala manja lende. Cha ku Chelstone kunali Amai Zulu, mayi wamasiye woweta nkhumba, amene ankalandira chakudya chotsala chilichonse bola chisasakanikirane ndi magalasi kapena matewera. Ndinamangirira chigubu chodulidwa pakati pambali pa tipa n'kuyamba kupempha m'mageti kuti chakudya aziika pachokha. Ena anamva, makamaka atsikana antchito, chifukwa iwo amadziwa njala. Ambiri anangonditsekera geti. Mayi wina wa ku Kabulonga anandiyankha ali m'galimoto, galasi atatsitsa pang'ono, kuti, "Imwe nchito yanu ni kutenga, osati kunipatsa ine nchito." Ba Sakala ankandiseka, ankanditchula m'busa wa nkhumba, komabe tikafika njira ya kwa Amai Zulu ankaima osauzidwa.

Tsiku limene sindiliiwala linali Lolemba, mu Januwale, mvula itagwa kwa masiku angapo osakata. Tinafika pa nyumba ina ya ku Woodlands n'kupeza akugwetsa tenti. Loweruka kunali chilanga mulilo, mwambo uja akuchikazi amaphika zakudya zamitundumitundu n'kukazitula kwa mkwati kuti aone zimene azidya m'banjamo. Unali mwambo wa Abemba, koma lero m'Lusaka aliyense amauchita, ndipo aliyense amafuna kuposa mnzake. Akuchikaziwo anabweretsa zochuluka, alendo anabwera ochepa chifukwa cha mvula, ndipo magetsi anazima kuyambira tsiku lomwelo. Atatitsegulira geti kuti tilowe kuseri, ndinaona zotsala za mwambowo. Mabeseni anali ndandanda m'mbali mwa khoma: mpunga, nkhuku, nsomba, nyemba, bowa, chikanda, ndiwo zotendera, mbatata, maungu. Zina zinali zitayamba kusasa, zina munthu akanatenthetsa n'kudya. Nkhumba za Amai Zulu zikanadya zonsezo n'kuthokoza.

Amene ankayang'anira zonse anali azakhali a mkwati, mayi wamkulu wovala chitenje cha mwambowo. Ndinavula chipewa, ndinawapatsa moni, kenako ndinawapempha kuti chakudyacho tichitengere padera, tikapatse woweta nkhumba.

"Awe," iwo anatero. "Chakudya cha ukwati sichiyenda kwa anthu osawaziba. Angachite nacho zoipa, mwana wanga akavutike mu nyumba."

"Ni cha nkhumba chabe, mami."

"Nkhumba zili na mwine wake."

Sanali kunyoza ayi. Ankaoneka kuti akuopa zenizeni, ndipo zimenezo ndi zimene zinandifooketsa, chifukwa munthu wamantha sungamutsutse. Anatumiza mtsikana wantchito kuti akatenge chigubu cha parafini, ndipo anathira okha, beseni ndi beseni, osasiyako ngakhale limodzi. Anati akutero kuti agalu ndi anthu otola kumtaya asachikhudze. Mtsikana uja anayang'ana nkhukuzo, n'kuyang'ana ine, n'kulowa m'nyumba. Ine m'mawa umenewo ndinali nditangomwa tiyi wopanda mkute.

Matumba sakanatha kunyamula zimenezo, ankang'ambika tisanawakweze. Tinangonyamula mabeseniwo n'kumakhuthulira m'tipa. Ine ndinali pamwamba, ndikusalaza ndi reki, mpunga wa parafini utandifika m'mawondo. Nyumba zotsatira nazonso zinatulutsa za m'firiji zawo. Pofika masana tipa inali itadzaza chakudya chokhachokha, supu akuchucha msewu wonse, a njinga akutitukwana.

Titafika kumtaya tinapeza mzere wa magalimoto. Njira yokwera pamwamba inali matope okhaokha, galimoto ina itatitimira chopingasa pakati pa chitunda, ndipo buludoza yoti iikoke inali itafa. Munthu wa pageti ankangolozera dzanja kumunsi, mbali ya mtumbira uja. Nditaona Ba Sakala akukhotetsa chiwongolero, ndinadumpha n'kuthamangira pawindo lawo.

"Ba Sakala, apa ni pamwamba pa nyumba yanga."

"Niziba, mwana wanga."

"Tiyembekeze, mwina bazaikoka ija."

Anayang'ana kumwamba. Mitambo inali itada kale cha kum'mawa.

"Mvula ibwela. Iyi galimoto ikatitimila apa, tonse nchito yatha. Manje nichite bwanji? Nibwelele nazo ku Woodlands?"

Ku Woodlands sizibwerera, zimenezo ndinkazidziwa. Anabwerera chambuyo mpaka matayala anafika pafupi ndi mtumbira, n'kukoka chitsulo chokwezera. Tipa inadzuka, koma katundu wonyowa sagwa yekha, amamatirira pansi. Pamafunika munthu woti amukankhe ndi foloko, ndipo munthuyo ndinali ine, chifukwa mnzanga anali kumbuyo kukola chitseko kuti chisatsekeke. Ndinakwera. Ndinabaya foloko, ndinakankha, zonse zinatsetsereka nthawi imodzi n'kukagunda mtumbira uja. Denga la nyumba yathu ndinkaliona bwinobwino.

Magalimoto a pambuyo pathu ataona kuti ife takhuthula pamenepo, nawonso anabwera, imodzi ndi imodzi. Mulu unakula, mtumbira unayamba kugonja. Ndinatenga fosholo n'kuyamba kukumba kangalande koti madzi akhotere kumbali, kutali ndi khwawa. Mvula inayamba. Ba Sakala anaimba hutala, kenako anatsika, anandiyang'ana kwa kanthawi, n'kuvula jekete lawo la mvula n'kundiponyera.

"Sala nayo fosholo. Uzabweza mailo, kukacha."

Ndinakumba ngati wamisala. Koma fosholo yanga imodzi sikanalimbana ndi phiri lonse. Ndikakumba apa, matope ankabwerera. Ndikatseka apo, pankatseguka pena. Kenako ndinamva dothi likusuntha pansi pa mapazi anga, mtumbira n'kung'ambika pakati, madzi akuda n'kuyamba kutsika m'khwawa, atanyamula mapulasitiki, mafupa ndi mpunga. Sindinathamange. Ndinangowatsatira pambuyo, fosholo ili paphewa, chifukwa ine ndi madziwo tinkapita kumodzi.

Ndinapeza Esinati ataima pachitsime, madzi atamufika m'akakolo, akusanja miyala pa chivundikiro cha lata kuti chisayandame. Njerwa za kukamwa zinali zitamira kale. Dimba silinkaoneka. Taonga anali pakhomo atanyamula nsapato zake m'manja. Pabwalo ponse pankanunkha parafini, ndipo timpunga toyera tinkazungulira pamwamba pa madziwo.

"Atate a Taonga, aya madzi achoka kuti?"

Esinati anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, anaona mpunga womwewo utamatirira pa ovolosi yanga, ndipo sanafunsenso. Akanandilalatira mwina ndikanapepukidwa. Anangowerama n'kupitiriza kusanja miyala.

Madzi ataphwera tinayesa kuchipulumutsa chitsimecho. Tinakapa madzi onse ndi ndowa mpaka kuona matope a pansi, tinathira klorini, tinadikira kuti chidzazenso. M'mawa mwake pamwamba pa madzi panali mafuta onyezimira, fungo lili pomwepo. Tinakapanso, tinathiranso, osasintha. Mlongo wake wa Esinati analowa pansi kukapala makoma, anatuluka akusanza. Dothi lenilenilo linali litamwa. Repu anasanduka wachikasu n'kugona pansi, anyezi anawolera m'nthaka.

Kenako Taonga anayamba kutsegula m'mimba. Madzi a m'chitsime sanamwe, koma mwana sungamuletse kusewera pabwalo la kwawo. Maso analowa m'kati, anasiya ngakhale kulira. Esinati anathamanga naye kuchipatala, anamuika madiripi, ine n'kumafika madzulo ndikununkha zinyalala, anamwino akundiuza kuti ndiime panja. Ndinaopa, ndinaopa kwambiri, sindinaopepo choncho m'moyo mwanga. Mulungu anatichitira chifundo, mwana anachira. Koma a zaumoyo atabwera kudzaona pakhomo anangosuzumira m'chitsime n'kunena kuti chikwiriridwe. Azimayi oyandikana nafe anali atasiya kale kubwera, ndipo ena ankanong'onezana kuti zoipazo anabweretsa ndi mwamuna wa nyumba yomweyo. Sanali kunama kwenikweni, nanga ndikanawayankha chiyani.

Ndinachikwirira Loweruka m'mawa. Ndinabwereka wilibala, ndinatuta zibuma ndi miyala, n'kuyamba kuthira. Wilibala yoyamba inamveka kugwera m'madzi patali. Zotsatira zinkamveka pafupi, mpaka phokoso linatha. Esinati anakhala pakhomo nthawi yonseyo, Taonga ali pamiyendo. Chitsime chimene anakumba mwana ali kumbuyo, ine ndinachimaliza dzuwa lisanafike pamutu. Nditafuna kuponyamo ndowa ndi chingwe chake, ndi pamene anayankhula.

"Ndowa musaikwilile. Ikali bwino."

Lero Esinati amalawirira kukaima pamzere pa mpopi wogulitsa madzi, chigubu chili m'manja, limodzi ndi azimayi aja ankatunga kwa iye. Dimba kulibe. Pamalo pa chitsime pamera udzu, ndipo iye sadutsapo, amazungulira. Kuseka kwake kuja kunachepa. Satchulidwanso kuti a pachitsime, amangoti amake Taonga.

Ine ndidakali pa tipa yomweyo, chifukwa ntchito ina ndikaipeza kuti. Nyumba ya ku Woodlands ija timapitabe Lolemba lililonse. Ndamva kuti ukwati uja ukuyenda bwino, ndipo sindiwafunira zoipa. Azakhali aja ankateteza mwana wawo, ndipo sadziwa kuti parafini wawo anakathera kuti. Chimene ndinaphunzira n'chakuti munthu akatulutsa thumba pageti amaona ngati latha, koma silitha, limangopita kwa munthu wina amene sadzamuona. Ndiye kwathu timaphika zotikwanira, chotsala timadya m'mawa, makoko amapita kwa Amai Zulu. Izo ndi zochepa kwambiri poyerekeza ndi phiri lija, ndikudziwa, ndipo masiku ena ndimadzifunsa ngati n'zothandiza.

Ndowa ija ndinaimangirira pambali pa tipa m'malo mwa chigubu chija, ndi chingwe chake chomwecho. Pageti lililonse ndimaimasula, ndimavula chipewa, n'kupempha kuti ngati pali chakudya chotsala achiike umo. Ba Sakala anasiya kundiseka, amangodikira injini ikulira. Masiku ambiri ndowa imabwerera yopanda kanthu, ine n'kuwerama kugwira thumba pa mfundo, n'kulikoka pang'ono, n'kumva kuti ndi lolemera.